Jakisoni wa mphumu yovuta ndi mapapo pothamanga

Mphumu ikakanika ndi mankhwala opopera, madokotala amawonjezera majakisoni a biologic, mankhwala olimbana ndi mbali ya chitetezo cha m'thupi yomwe ikuyambitsa kutupa, monga mepolizumab ndi omalizumab. Mepolizumab ndi 100 mg milungu 4 iliyonse, ndipo amachepetsa maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil omwe amatupitsa njira za mpweya. Omalizumab amagwira IgE, puloteni ya chitetezo cha m'thupi yomwe imadzutsa mphumu thupi likakumana ndi zinthu zosagwirizana nazo, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi ndi kuchuluka kwa IgE m'magazi.

Koma kuchepa kwa zifuwa za usiku chifukwa cha jakisoni sikutanthauza kuti mapapo apirira pothamanga. Munthu akamapuma mwachangu, mpweya wouma ndi wozizira umaumitsa njira zija, zimafinyika, ndipo kubanika kumakula atangoima kumene.

Ndiye yezani. Wodwala apumire mu spirometer (kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo), athamange pamakina mphindi 6 mpaka 8, kenako apumirenso pa mphindi 5, 10, 15 ndi 30. FEV1 (mpweya umene munthu amatulutsa mwamphamvu m'sekondi yoyamba) ikatsika ndi 10 peresenti kapena kuposa, vuto likadalipo. Kuyeza kamodzi kokha n'kudzinamiza.

Cholakwika chachikulu n'kutaya mankhwala opopera a steroid poti jakisoni wayamba kuthandiza. Ayi ndithu. Wodwala apopere salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya mwachangu, kawiri mphindi 15 asanayambe masewera, ayambe mwapang'onopang'ono, ndipo jakisoniyo aweruzidwe pakatha miyezi 4.