Pepala limene ndinasainira pa kauntala

Faelo ya mlandu wathu imakhala pansi penipeni m'kabati ya kuofesi, yopsinjidwa ndi mabuku akale a malisiti. Sabata yatha ndinaifukula chifukwa mnzanga amene ali ndi famase ku Katoto anandiimbira foni, ati kwabwera anyamata ena ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera sitoko, ndiye amafuna ndimuunikireko asanalipire. Nditatsegula faeloyo, pepala loyamba kuliona linali lomwe lija lokhala ndi siginecha yanga, ndipo mtima unandipwetekanso ngati zachitika dzulo.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama pa bizinesi ya amalume anga. Timagulitsa simenti, malata, misomali, penti ndi mapaipi. Sitolo yaikulu ili mu Mzuzu muno, ina ku Ekwendeni, ina ku Rumphi. Kwa zaka zambiri zonse zinkayendera makope ndi Excel. Loweruka madzulo anyamata a kunthambi ankajambula masamba a makope awo n'kutumiza pa WhatsApp, ine n'kumalowetsa manambala mpaka maso kuwawa. Choncho pamene kampani ina ya ku Lilongwe inatipeza mu 2022 ndi pulogalamu yake yoyendetsera sitoko, woyamba kukopeka ndinali ineyo.

Wotsatsa wawo anayika laputopu pa kauntala, nagulitsa thumba limodzi la simenti mongoyerekeza, ndipo nthawi yomweyo foni ya amalume inaonetsa kuti sitoko yatsika ndi thumba limodzi. Amalume si munthu wotengeka msanga. Anavula magalasi n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga magetsi akazima, netiweki n'kusowa?" Funsolo linali loyenera, chifukwa chaka chimenecho namondwe Ana anali atawononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu Januwale, ndipo tinkakhala maola ambirimbiri mumdima. Munthu uja anayankha mosajejema: "Bwana, musade nkhawa. Iyi imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Netiweki ikabwera, imadzilumikiza yokha, palibe chosokonekera." Ndinamva ndi makutu anga, anamvanso anyamata awiri amene ankakweza malata pangolo. Koma mawu amenewo sanalowe mu kontirakiti. Ife sitinapemphe kuti alowe, tinkaona ngati munthu wamkulu akalankhula pamaso pa anthu ndiye kuti nkhani yatha.

Tinalipira theka la ndalama. Anati miyezi itatu zikhala zitatheka, koma inakwana isanu ndi itatu tikungomva kuti sabata yamawa.

Mavuto enieni anali m'tinthu tating'onoting'ono timene wogulitsa hadiweya aliyense amatidziwa ndi mtima. Misomali timagula pa katoni koma timagulitsa pa kilo, nthawi zina theka la kilo. Malata amasiyana geji, amasiyananso kutalika, a mafiti 10 si a mafiti 12. Pulogalamu yawo inkawerenga chilichonse ngati chinthu chimodzichimodzi, ngati mabotolo a zakumwa. Munthu akagula theka la kilo ya misomali, iyo inkachotsa katoni yathunthu. Apa ndivomere, nafenso tinali ndi mbali yathu. Mndandanda wa katundu umene tinawapatsa unali wosokonekera, penti mmodzi yemweyo anali ndi mayina atatu malinga ndi amene analemba tsikulo, ndipo sitinakhale pansi n'kulemba bwinobwino zimene tinkafuna kuti pulogalamuyo izichita. Koma nkhani ya netiweki ija sinali vuto lathu ayi. Anatiuza chinthu chimene sanachiyesepo.

Tsiku losaina ndimalikumbukira lonse. Unali mmawa wa mu Juni, kukuzizira monga mudziwira Mzuzu, kamvula kowaza kakugwa. Mnyamata wawo amene anakhala nafe masiku anayi anafika ndi chikwama kumsana, akuthamangira basi ya ku Lilongwe. Anatulutsa pepala limodzi n'kunena kuti, "Amayi, tangondisainirani apa kusonyeza kuti ndinafika n'kuyika zonse. Popanda ili abwana sandipatsa alawansi. Zotsalazo tizikonza tili konko." Milomo yake inali itauma ndi mphepo, ndipo masiku onsewo anagwira ntchito modzipereka, nkhomaliro kumadyera pa kauntala pomwepo. Ndinamumvera chisoni. Amalume anali atapita ku Rumphi. Ndinasaina, ndinadindanso chidindo cha kampani. Pamwamba pa pepalalo panali mawu akuti User Acceptance Certificate, ndipo m'munsi mwake munali chiganizo chonena kuti tayesa pulogalamu yonse ndipo takhutira nayo.

Amene analipira mtengo woyamba si ine, si amalumenso. Ndi mnyamata wathu wa ku Ekwendeni. Kumapeto kwa mwezi wina lipoti linaonetsa kuti wagulitsa matumba a simenti 120, pamene ndalama zimene anabweretsa zinali za matumba 60. Amalume anamuitanitsa. Iye anangoti, "Abwana, ine sindinabe," n'kumabwereza mawu omwewo misozi ikulengeza. Amalume analoza kompyuta n'kunena kuti makina sanama. Anamuimitsa ntchito, namudula malipiro. Bambo ake anabwera kudzapepesa atagwira chipewa m'manja, kupepesa mlandu umene mwana wawo sanapalamule. Patadutsa masabata angapo ndinatenga makope akale amene mnyamatayo ankalembabe mwa chizolowezi, ndinawayala pansi pamodzi ndi mapepala olandirira katundu, ndipo ndinapeza kuti malonda onse amene anachitika netiweki kulibe ankalowa kawiri netiwekiyo ikabwera. Matumba 60 aja sanatuluke n'komwe, anali m'nyumba yosungira katundu.

Pambuyo pake ndinawerenga za ku Britain, kumene pulogalamu ya Horizon yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'mapositi ofesi. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesiwo anapezeka olakwa m'makhoti, ena anapita kundende, mpaka mu 2019 khoti lalikulu linatsimikiza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika. Ndinkawerenga ndikuona nkhope ya bambo aja ndi chipewa chawo.

Tinakana kulipira theka lotsala. Iwo anayamba kutitumizira makalata a ngongole, ndipo ndalama ya laisensi ya pachaka, imene inalembedwa m'madola, inakwera koopsa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsiku lina mmawa pasiwedi inangokana. Anatitsekera kunja. M'kati mwake munali mndandanda wa makontirakitala onse amene anatenga katundu pa ngongole, ndi ndalama zimene aliyense anatsala nazo. Zonsezo zinali pa seva, kompyuta yawo yosungira zolemba, ife tinalibe kope. Miyezi ingapo pambuyo pake dziko lonse linaona zofanana ndi zimenezi pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kumayambiriro kwa 2024, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera makompyuta a ntchitoyo n'kumafuna dipo. Nkhani zake n'zosiyana, koma ululu wokhala panja pa nkhokwe yako kiyi ali ndi wina ndinkaudziwa bwino.

Apa m'pamene tinapita kwa loya. Anawerenga kontirakiti yonse mwakachetechete, akulemba mizere ndi pensulo, kenako anatisonyeza malo atatu. Poyamba panali ndime yonena kuti zolembedwazo ndiye mgwirizano wonse, malonjezo apakamwa alibe ntchito. Kwinako panali ndime yoti ngakhale iwo atalakwa chotani, chipukuta misozi sichingapose ndalama zimene tinawalipira, ndipo phindu limene tinataya saliwerengera. Kenako anatulutsa pepala la mu Juni lija n'kufunsa kuti, "Siginecha iyi ndi ya ndani?" Ndinayankha kuti ndi yanga. Amalume anandiyang'ana, sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa kukalipa.

Loyayo anatifotokozera kuti mpata unalipo ndithu, koma wopapatiza. Ngati ungaonetse kuti wogulitsa anakunamiza dala kuti usaine, malire a chipukuta misozi aja sagwiranso ntchito. Zinatero ku London mu 2010 pa mlandu wa kampani ya wailesi ya kanema ya BSkyB ndi kampani ya makompyuta ya EDS: kontirakiti inati EDS singalipire zoposa mapaundi 30 miliyoni, koma khoti litapeza kuti inanama mwachinyengo za nthawi imene ntchito idzathere, nkhani inatha ndi mapaundi 318 miliyoni. Kungoti BSkyB inali ndi milu ya makalata ndi maimelo, inalinso ndi ndalama zolimbirana m'khoti zaka zambiri. Ife umboni wathu unali makutu anga ndi a anyamata awiri okweza malata. Nkhani yathu inkafanana kwambiri ndi ya boma la Queensland ku Australia, limene pulogalamu yake yolipirira antchito a zaumoyo inasokonekera mu 2010, anthu zikwizikwi n'kulandira malipiro olakwika kapena osalandira n'komwe. Bomalo litasumira IBM, kampani imene inapanga pulogalamuyo, linagonja, chifukwa khoti linapeza kuti mu 2010 momwemo bomalo linasaina mgwirizano wina womasula kampaniyo ku milandu yotere. Ngakhale boma lathunthu, ndi maloya ake onse, linagwa ndi pepala limene linasaina lokha.

Tinasumabe, iwonso anatisumira za theka lotsala lija. Malamulo a khoti lalikulu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri yotere iyambe yadutsa pa zokambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo yathu inathera pomwepo. Anatibwezera zolemba zathu zonse mu Excel, anafafaniza ngongole imene ankatilipiritsa, anabwezako kagawo kochepa ka zimene tinalipira, ndipo tinagwirizana kuti sitidzatchulana mayina pagulu. N'chifukwa chake simukuona dzina lawo pano. Titachotsa ndalama za loya ndi zamaulendo, zotsala sizikanagula ngakhale lole imodzi ya simenti. Makontirakitala ena anapezerapo mwayi pa miyezi imene tinalibe mabuku, mpaka lero amakana ngongole zawo.

Ku Ekwendeni tinapita limodzi ndi amalume, ndalama za mnyamata uja zili mu envelopu. Amalume, munthu amene sindinamuonepo akupepesa wantchito, anakhala pa mpando waufupi pakhonde n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndinakulakwira." Envelopu analandira ndi manja awiri, koma ntchito anaikana. Pano ali ndi kabenchi kake ku msika wa Taifa. Ndikamadutsa amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumasowa poyang'ana.

Mnzanga wa famase uja anabwera Lachitatu madzulo ndi kontirakiti yake. Tinaiwerenga mzere ndi mzere tikumwa tiyi, ndipo ndime ziwiri zija tinazipeza momwemo, pafupifupi mawu ake omwewo. Wawauza anyamata a pulogalamu aja kuti alembemo zoti azilandira kope la zolemba zake sabata iliyonse, ndiponso kuti theka lotsala adzalipira pulogalamu ikagwira ntchito mwezi wathunthu. Lachisanu anyamatawo akubwera kudzaionetsanso pulogalamuyo. Tapangana kuti ikangoyamba tidzazimitsa rauta ya intaneti, tigulitse Panado khumi, kenako tiyatse n'kuwerenga. Ine ndidzakhalapo ndi kope langa.