Zomwe maikolofoni yandionetsa pa masipika anga akale

Patha miyezi itatu ndikuphunzira kuyeza masipika, ndipo chinandiyambitsa ndi masipika anga awiri a m'ma 1970, aja a bokosi lotseka, olemera moti ukanyamula limodzi msana umamva. Ndinkauza aliyense kuti mawu ake ndi ofewa, okoma, saboola m'khutu ngati amasiku anowa, ndipo ndinkanena kuchokera pansi pamtima.

Ndiye ndinapeza kamaikolofoni koyezera ka UMIK-1 nkuika REW pa kompyuta, pulogalamu yaulere ija ya John Mulcahy. Imatulutsa pa sipika kaliwu kokwera kuchoka pa 20 Hz (mawu otsikitsitsa) mpaka 20 kHz (okwereratu), maikolofoni nkumva, kenako nkukujambulira mzere woonetsa mphamvu ya mawu kuchoka pa otsika kufika pa okwera. Tsiku loyamba mzere unatuluka wa mapiri ndi zigwa zokhazokha, mpaka nditamvetsa kuti pansi pa 200 kapena 300 Hz kwenikweni umakhala ukuyeza chipinda osati sipika. Mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi, ndiye funde la 100 Hz ndi lotalika mamita 3.4, limakagunda khoma nkubwerera kudzakumana ndi linzake, pena kuwonjezana pena kufafanizana, ungosuntha maikolofoni pang'ono besi yasintha kale. Ndinaphunzira kutenga mamilisekondi ochepa oyambirira okha, mawu obwerera kukhoma asanafike.

Apa mpamene mtima unandiwawa. Sipika yakumanzere mawu apamwamba anali atatsika pafupifupi 5 dB (muyezo wa kukula kwa mawu) kuyambira cha pa 6 kHz, yakumanja yatsika pang'ono chabe, awiriwo samafanananso ndipo ine zaka zonsezi osazindikira. Nditatsegula ndinapeza kopotokolera mphamvu ya tweeter (kasipika kakang'ono ka mawu apamwamba) katachita dzimbiri lobiriwira, kapasita (kachipangizo kamagetsi kosefa mawu) yolembedwa 6 µF ikuonetsa cha ku 9 µF. Siponji yozungulira woofer (sipika yaikulu ya besi) nditaikhudza inangonyenyeka nkumata pachala, kusiya kabowo. Kufewa kumene ndinkakutama kuja, mbali yaikulu kunali kukalamba kwa zipangizo basi.

Kabowo kameneko si kochepa ayi. Bokosi lotseka lamtundu uwu ndi nzeru imene Edgar Villchur anabwera nayo mu 1954, yoti mpweya wotsekeredwa mkatimo ndiwo ugwire ntchito ya sipuling'i, kubweza woofer pamalo pake. Mpweya ukamatuluka, nzeru yonse yatha. Ndinamata siponji yatsopano, kusintha makapasita, kutsuka dzimbiri lija, ndipo nditayatsa ndinamva zitsulo za woimba ng'oma zikunyezimira mu nyimbo imene ndaimvera kambirimbiri. Ndinakhala phee mpaka inatha.

Kenako mnzanga anandibwereka timasipika take tamakono, tokhala ndi ampulifaya mkati, tweeter itakhala m'kadzenje kowongolera mawu. Poyeza molunjika kutsogolo, akale okonzedwa aja sanachite manyazi, kusiyana kunalipo koma kochepa. Nkhani inatulukira nditayamba kuzungulira, pa madigiri 30, kenako 60. Amakono mzere umangotsetsereka bwinobwino, akale umagwa penapake pakati nkukweranso, chifukwa woofer yaikulu ikafika pa mawu okwera imayamba kuwaponya kutsogolo kokha, pomwe tweeter ikangolandira imawamwaza paliponse. Ndipo mawu am'mbaliwo sapita pachabe, ndi omwe amagunda makoma nkudzakupeza pampando.

Izi ndi zomwe Floyd Toole, katswiri wa za mawu, anafufuza ku National Research Council ku Ottawa m'ma 1980, kumvetsera anthu asakuona sipika. Ambiri ankasankha zofanana, sipika yosakondera mawu ena kutsogolo komanso yosalala m'mbali. Mu 1994 iye ndi Sean Olive ali ku kampani ya masipika ya Harman anaonetsanso kuti anthu omwewo akaona sipika, kukula kwake ndi dzina lake, mamalikisi amasintha. Ineyo zinandikhudza chifukwa thabwa la masipika angawa ndimalikonda, ndimalipukuta ndi kansalu sabata iliyonse.

Tinayesa nafenso. Tinapachika nsalu yopyapyala, sipika imodzi imodzi, nkulinganiza voliyumu ndi maikolofoni, poti yokwera ngakhale ndi 1 dB yokha khutu limaipatsa chigoli. Mnzanga ankasintha, ine ndikulemba. Pa maulendo 10 ndinasankha yamakono ka 7, makamaka pa mawu a munthu woimba, ankamveka ngati waima pamalo amodzi osagwedezeka. Katatu komwe ndinasankha yakale konse kunali nyimbo za besi yakuya, ndipo muyezo ukugwirizana nazo, bokosi lotseka besi yake imatsika pang'onopang'ono, 12 dB pa octave (ma Hz akatsika ndi theka), pomwe la kabowo kotulutsira mpweya, ngati la amakono aja, imagwa 24 dB, ndiye pansi penipeni lakale lija limakhala likadali ndi kanthu.

Sindiwagulitsa, zimenezo ayi. Koma munthu akandiuza tsopano kuti masipika akale amamveka bwino, ndimayamba ndamufunsa ngati anayang'anako siponji ndi makapasita, komanso ngati awiriwo akufanana. Sabata yamawa ndikufuna kuyeza ndikukweza ndi kutsitsa maikolofoni, chifukwa ndaona kuti ndikaimirira pampando mawu a gitala pa akalewa amabwerera m'mbuyo, ndipo ndikukayikira crossover, kachipangizo kogawa mawu pakati pa woofer ndi tweeter.