Kanobu kofiira kaja potsika pa Lusaka

Loweruka latha ndinadzudzulidwa mu ndeke, ndipo mpaka pano ndikaganiza ndimaseka ndekha. Timachokera ku Mfuwe pa Cessna 172, tili pa mafiti 8,500, mixture (kuchuluka kwa mafuta osakanizika ndi mpweya mu injini) nditaichepetsa bwinobwino, injini ikulira mokoma. Titayamba kutsika kulowera pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka ine dzanja langa lokha linapita pa kanobu kofiira ka mixture nkukakankha konse mpaka mkati, monga mmene ndinalowezera pa chekilisiti. Injini inayamba kulira mwamanjenje ngati minibasi ya ku Matero m'mawa wa Juni. Aphunzitsi anga anangondiyang'ana nkuti, "Mwana wanga, kodi ukuona nyanja pansipa?"

Poyamba sindinamve. Nkhani yake ndi yoti mawu a pa chekilisiti aja akuti mixture ikhale rich yonse (mafuta onse otsegula) potera amayenera bwalo lomwe lili pansi, pa mulingo wa nyanja yamchere, koma bwalo lathuli lili pa mafiti pafupifupi 3,800, ndiye muwonjezepo dzuwa la Okutobala lija, injini imamva ngati ili pamwamba pa mafiti 6,000 ngakhale matayala ali pansi. Mpweya ndi wochepa kale, iwe nkuthirapo mafuta onse, injini imakhuta mopitirira, mphamvu imatsika, ndipo petulo ya ndeke ija, Avgas 100LL, ili ndi mtovu womwe umamata pa mapulagi ukamayenda throttle (chowonjezera mphamvu ya injini) ili pansi. Tsiku lomwe udzafune go-around, kusiya kutera nkukweranso m'mwamba, ndi pomwe udzadziwe kuti mphamvu ina unaitaya wekha.

Koma musati ndiye mixture muisiye osaikhudza ayi. Ukamatsika mpweya umachuluka, ndiye mixture yomwe inali bwino kumwamba imayamba kuchepa mafuta yokha. Ulendo wopita tinatsikira ku Mfuwe komwe ndi mafiti 1,850 chabe, chigwa chotentha, kumeneko ukaiwala kuwonjezera injini imatsokomola ukangokankha throttle, ndipo mtima umatsokomola nawo.

Zomwe aphunzitsi anandionetsa ndi zakuti uziwonjezera pang'onopang'ono potsika, kutembenuza pang'ono, kudikira, kuyang'ana EGT (geji ya kutentha kwa utsi wa injini), khutu lili pa injini. Throttle nayonso osaichotsa kamodzi nkuloza mphuno pansi, masilinda amazizira mwachangu. Ena pa hangala, posungira ndeke, amati zozizira mwachanguzo ndi nthano za akuluakulu, ine sindilowerera, ndeke si yanga ndipo bilu ya makaniko ndinaionapo.

Chomwe chinandiwawa nchoti buku la ndekeyo limanena kale kuti pamwamba pa mafiti 3,000 uchepetse mixture ngakhale ponyamuka kuti RPM (liwiro lomwe injini ikuzungulira) ikwere, ndinawerenga, mayeso ndinakhoza, koma dzanja linali lisanamve. Sabata yamawa tili ndi ma circuit (kunyamuka, kuzungulira bwalo nkuteranso) masana, akuti tikayambe 13 koloko dzuwa lili pamutu dala, ndipo aphunzitsi akakhala manja ali pachifuwa osakhudza kanthu.