Sabata ya malovu, masamu ndi nkhope zosamwetulira

Ntchito yanga mu labotale yofufuza za ubongo ndi khalidwe la anthu ndi kuwachititsa anthu mantha mwaulemu, atavomera okha, kenako mawa lake n'kuwafunsa zomwe akukumbukira. Sabata ino tinali ndi magulu awiri. Ena amalowa m'chipinda chenicheni, ena amavala chipangizo cha virtual reality (VR) kumaso n'kupezeka m'chipinda chomwecho, koma chopangidwa pa kompyuta.

Njira yomwe timatsata ndi Trier Social Stress Test, imene Clemens Kirschbaum ndi anzake anafalitsa mu 1993. Munthu amaima pamaso pa oweruza ovala makhoti oyera, n'kulankhula kwa mphindi 5 ngati akufunsira ntchito. Akatero amawerenga chobwerera m'mbuyo kuyambira pa 1022, akuchotsera 13 nthawi iliyonse. Akaphonya, amuuza ayambirenso. Oweruzawo samwetulira, sagwedeza mutu, amangomuyang'ana duu. Pozimva zimakhala ngati zachibwana, koma anthu amatulukamo malaya atanyowa ndi thukuta.

Lolemba linathera pa kufananiza zipinda ziwirizi. Zinthu zina, monga cholembera ndi wotchi yowerengera mphindi, woweruza amazigwira munthu akulankhula. Zina zimangokhala pashelefu chapambali. Chomwe chili kumanzere m'chipinda chenicheni chiyenera kukhala kumanzere mu VR, mtundu ndi kukula kwake chimodzimodzi. N'zotopetsa, koma kupanda kutero sitingadziwe chimene chasiyanitsa magulu awiriwo.

Anthu timawaitana masana okhaokha, chifukwa m'mawa cortisol, homoni yomwe imakwera munthu akapanikizika, imakhala ili kale pamwamba. Timaiyeza m'malovu: munthu amatafuna kathonje, ine n'kukatsekera m'kabotolo n'kulembapo nthawi. Homoniyi sifulumira, imafika pachimake patatha mphindi 20 mpaka 30, moti munthu amakhala atapuma kale m'chipinda china pomwe thupi lake likadali pankhondo.

A mu VR ndiwo amandisangalatsa kuonera. Ambiri amayamba ndi kuseka, poti oweruza ake amaoneka ngati zidole. Koma chidolecho chikangoti "Mwaphonya, yambiraninso," mawu amayamba kunjenjemera. Mutu ukudziwa kuti n'zabodza, mtima sukumva zimenezo. Michael Meehan ndi anzake ku University of North Carolina anaonetsa zofananazo mu 2002: anthu ataimikidwa m'mphepete mwa dzenje la mu VR, mtima wawo unagunda mothamanga. Komabe pa mayeso athuwa cortisol ya mu VR kawirikawiri sifika pomwe imafika ya munthu amene wayang'anizana ndi maso enieni.

Mafunso timafunsa mawa lake dala. Kafukufuku wa James McGaugh anaonetsa kuti munthu akagwidwa mantha, adrenaline ndi mahomoni ena amadzutsa mbali ya ubongo yotchedwa amygdala, ndipo iyo imathandiza hippocampus, mbali ina ya ubongo yothandiza kukumbukira, kukhazikitsa zomwe zachitikazo. Kukhazikikako kumafuna nthawi, tulo tikuthandizaponso. Mu 1994 Larry Cahill ndi McGaugh anapatsa anthu ena mankhwala a propranolol, omwe amatsekereza mphamvu ya adrenaline, asanawaonetse nkhani ya mnyamata wovulala pangozi. Omwe anamwa mankhwalawo sanakumbukire gawo lomvetsa chisonilo bwino ngati anzawo.

Ndiye amakumbukira chiyani? Cholembera chomwe woweruza amagogodera patebulo amachifotokoza mpaka mtundu wake. Za pashelefu, zii. Izi sizachilendo, katswiri wa zamaganizo Easterbrook analemba kale mu 1959 kuti mtima ukakhala m'mwamba, maso amaunjikana pa chinthu chimodzi, zam'mbali n'kutayika. Chomwe sindichizolowera ndi kutsimikiza kwawo. Lachinayi mayi wina wa m'chipinda chenicheni anandiuza kuti pakhoma panali kalendala. Ndinati, "Mayi, mukutsimikiza?" Iwo anati, "Achimwene, ndinaiona ndi maso angawa." Khomalo ndi lopanda kanthu, ndinalikonza ndekha. Jennifer Talarico ndi David Rubin anapeza zotere mu 2003 pofunsa ophunzira za tsiku la 11 September 2001, pomwe zigawenga zinaukira dziko la America: patapita miyezi, nkhani zawo zinasintha ngati momwe zimasinthira nkhani wamba, koma chikhulupiriro choti akunena zoona sichinatsike.

Lachisanu tinakangana pang'ono ndi a pulofesa. Iwo amafuna tiyambe kuphatikiza manambala. Ine ndinati tadikirani kaye, chifukwa pali chomwe ndachiona mwa anthu ovala chipangizocho koyamba. Ukawafunsa za dzulo, amayamba ndi kulemera kwa chipangizo pamphuno, kudabwa kuti manja awo sakuwaona, ena chizungulire ndi nseru. Kudabwa nako kumagunditsa mtima. Ndiye tikapeza kuti a mu VR akumbukira mosiyana ndi anzawo, tidzati wachititsa ndi woweruza kapena chipangizo? Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anati, "Chabwino, muwakonzere koyeserera."

Choncho sabata yamawa aliyense, ndi a chipinda chenicheni omwe, aziyamba wavala chipangizocho m'chipinda china cha VR chopanda oweruza, chopanda shelefu, mpaka chimutopetse. Chipindacho ndiyenera kuchimanga ine lisanafike Lolemba.