"Anesi, akakayambanso ndikatani?"

Anandifunsa choncho mayi ena ochokera ku Machinga, sabata yanga yachitatu ya maphunziro a m'wodi ku Zomba Mental Hospital. Mwana wawo, mnyamata wamkulu ndithu, anabwera naye atamumanga ndi chingwe, atamenya mlongo wake n'kuphwanya chitseko. Tsopano anali atakhazikika, akudya, akucheza, koma zipsera za chingwe zija zinali zisanathe m'mikono. Adokotala anali atalemba kuti atuluke.

Ine ndinali nditalemba mankhwala ndi tsiku la jakisoni m'kabuku kake ka kuchipatala, n'kumadziona ngati ndamaliza. Asisitala a m'wodimo anayang'ana kabukuko n'kundifunsa kuti, "Nanga mlongo wake uja, alipo wamufunsa ngati akulola kugona naye nyumba imodzi?" Ndinangoti kukamwa yasa. M'kalasi amatiuza kuti kukonzekera kutulutsa wodwala kumayamba tsiku limene wagonekedwa, ndipo pamayeso ndinalemba bwinobwino zimenezi, koma sindinkaganiza kuti nkhani yake imafika mpaka pa funso loti zikwanje ndi nkhwangwa zimasungidwa pati pakhomo.

Tinakhala pansi ndi mayiwo, mnyamatayo ali pompo, chifukwa si bwino kumukambirana ngati katundu. Ndewu sinangobuka. Mayiwo atakumbukira bwino, anati anayamba wakhala masiku osagona, kuyendayenda usiku, kuyankhula yekha, kenako kunena kuti m'nsima mwathiridwa mankhwala. Zizindikiro zimenezo ndizo tinalemba papepala m'Chichewa, n'kuwauza kuti akaziona athamange naye kuchipatala chaching'ono, asadikire kuti chingwe chifunikenso. Mnyamatayo anavomera yekha kuti akasuta chamba mawu amene amawamva m'mutu amachuluka.

Mbali imene ndinkaipeputsa ndi ya zovuta za mankhwala. Haloperidol komanso jakisoni wa fluphenazine amatha kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchuchitsa malovu. Munthu akapanda kuuzidwa, amangosiya kumwa, achibale n'kumati chipatala chamuwonjezera matenda. Chikhalirecho alipo mankhwala ochepetsa zimenezi, benzhexol.

Ndinenenso pano, poti anthu amakonda kusakaniza: odwala matenda a m'maganizo ambiri sachita ndewu, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amamenyedwa m'midzimu.

Za mlongo uja, anagwirizana kuti poyamba mnyamatayo azikagona kwa amalume ake. Mayiwo anapinda pepala lija kanayi, n'kulimanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya minibasi.