Chevelle ya a Tcheya inafika pa Woodward

Tinanyamuka ku South Bend, ku America, mbandakucha, Loweruka lachitatu la Ogasiti, kupita ku Dream Cruise, mdipiti wa galimoto zakale pa msewu wa Woodward Avenue pafupi ndi Detroit. Asanu ndi atatu tinali m'vani, atatu mu Chevelle ya 1970 ya a Tcheya, yomwe ija tinaikhetsera thukuta m'galaja mwawo zaka ziwiri. Inu amene munkati sidzatsika pa jeke, zithunzi zilipo.

Titangodutsa Kalamazoo pa I-94, tinaona a Tcheya akupatukira m'mbali, nthunzi ili tolotolo. Lamba wa fani anali ataduka. Wina watsopano analipo, chifukwa mayi akunyumba kwawo anamuponya m'buti usiku osauza munthu. Vuto linali bokosi la zipangizo. A Msungichuma anatenga lawo la kuntchito, la masipanala a mamilimita okhaokha, pomwe mabawuti a Chevrolet ya nthawi imeneyo ndi a mainchesi. Pa bawuti wa 9/16, sipanala ya 14 inakana kulowa, ya 15 inkangoterereka. Apa m'pamene mawu anakwera. A Tcheya ankati anawauza Lachinayi, a Msungichuma ankati uthengawo sunawafike, malole akudutsa ndi chimphepo chawo. Anatilanditsa ndi mphwake wa a Tcheya, mwana wa zaka 16, amene anatulutsa shifitini m'chikwama chake mwakachetechete. Pasanathe theka la ola injini inalira. Dzina la a Msungichuma loti a Fifitini lija linabadwira pamenepo, ndipo eni ake analilandira akuseka.

Tinalowa Woodward Avenue ku Ferndale. Abale, phokoso la galimoto za injini ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) zambirimbiri zikuyenda pang'onopang'ono limamveka m'chifuwa. Anthu anali atandanda pa mipando m'mbali mwa msewu, womwe pa tsikuli umadzaza mamailo 16 mpaka ku Pontiac. Chevelle yathu itadutsa, ena anaimirira n'kuomba m'manja. A Tcheya anapukuta m'maso, tonse tinaona.

Zimene munatituma kukaphunzira ndi izi. Dream Cruise inayamba mu 1995 pofuna kupeza ndalama zomangira bwalo la mpira la ana ku Ferndale. Galimoto zamphamvu za ku America zotchedwa muscle car ambiri amati zinayamba ndi Pontiac GTO ya 1964, pamene John DeLorean ndi anzake anaika injini yaikulu ya makiyubiki inchesi 389 m'galimoto yocheperako. Nyengo yake sinakhalitse: inshuwalansi inakwera, malamulo a utsi anakhwima mu 1970, mafuta anasowa mu 1973. Zosowa n'zimene zimadula. Plymouth Hemi 'Cuda yotsegula denga ya 1971 inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni mu 2014.

Koma ine chimene chinandikhudza ndi bambo wina wachikulire wa GTO ku Royal Oak. Anatsegula boneti, n'kutionetsa nambala yodindidwa pa injini kuti ndi yomweyo imene galimotoyo inatuluka nayo kufakitale. Za mtengo sanatchuleko. Anati bambo ake ankagwira ntchito ku Pontiac, ndipo kabureta amaichuna yekha ndi khutu. Achimwene athu a ku Mishawaka, amene anaphunzirira umakaniko pansi pa mtengo ku Ndirande, anaweramira injiniyo, n'kunena kuti ikumwa petulo wochuluka pang'ono. Bamboyo anatembenuza sikuluu, kulira kunasalala, awiriwo anagwirana chanza osafuna kusiyana.

Nsima tinadyera pomwepo, pa kapinga, ya nkhuku ndi mpiru wotendera. Bamboyo anatapa ndi dzanja monga tinamuonetsera, ife anatigulira ma coney dog, masoseji a m'buledi. Mkangano woti Ford Mustang ndi muscle car kapena pony car (galimoto yamasewera yocheperako) unayambira pa mbale yomweyo ndipo mpaka Battle Creek pobwerera unali usanathe.

Zikomo amayi amene munadzuka 3 koloko kuphika, alamu oyendetsa vani, ndi nonse munasonkha za petulo ngakhale simunapite. Loweruka likubwerali tikumane kwa a Tcheya, ladiyeta ija ikudontha. A Fifitini, bokosi lake mukulidziwa.