Mamita 14 Amene Anandisintha Maganizo

Kale ndikamva kuti munthu wagundidwa ndi galimoto, ndinkathamangira kufunsa kuti, “Nanga iyeyo amawolokera pati?” Mlandu ndinkaupereka kwa wovulalayo ndisanamve n'komwe mmene zinayendera. Teremu ino, pa phunziro la kamangidwe ka misewu ya m'mizinda, masamu ochepa chabe andichotsera maganizo amenewo.

Masamuwo ndi awa. Dalaivala akaona mwana watulukira mumsewu, pamadutsa pafupifupi sekondi imodzi asanaponde mabuleki. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 m'sekondi imeneyo, kenako mamita ena pafupifupi 5 kuti iime pa msewu wouma. Onse pamodzi ndi mamita 13. Koma yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita 14 dalaivala asanakhudze n'komwe mabuleki. Ndinawerengera kawiri chifukwa sindinkakhulupirira. Pamalo pamene galimoto yoyambayo yaima kale, inzakeyo imamupeza mwanayo ndi liwiro lake lonse. Dalaivalayo akhoza kukhala wosamala, wosaledzera, koma mwana wapita basi.

Nditamvetsa zimenezi m'pamene nkhani ya Vision Zero, ndondomeko yofuna kuti pasakhale munthu wofa pamsewu, inandilowa. Nyumba ya malamulo ya ku Sweden inaivomereza mu 1997, ndipo mfundo yake ndi yakuti munthu sangalephere kulakwitsa, choncho msewu uzikonzedwa moti kulakwitsako kusamuphe. Zikwangwani zokha sizikwanira. Msewu wotakasuka ndi wowongoka umachita kumuitana dalaivala kuti athamange, pamene mahampu, msewu wopanikizika pa malo owolokera, ndi kachilumba kopumirapo pakati pa msewu zimamukakamiza kuchepetsa liwiro ngakhale palibe wapolisi. Apanjinga nawo amafunika njira yawoyawo yotchingidwa ndi simenti, chifukwa mzere wa penti suletsa lole kulowa.

Ku Netherlands kunandikhudza kwambiri. Ndinkayesa kuti anthu a kumeneko anangobadwira m'misewu yabwino ya njinga. Ayi ndithu. Mu 1971 ngozi za pamsewu zinapha anthu oposa 3,000, mwa iwo ana oposa 400. Makolo anakwiya, nayamba zionetsero zotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, ndipo pang'ono ndi pang'ono misewu inayamba kusinthidwa. Mzinda wa Oslo, ku Norway, nawonso unatha chaka chonse cha 2019 popanda woyenda pansi kapena wapanjinga kufa pa ngozi.

Chimene chikundiwawabe ndi chiwerengero cha bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO: anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto.

Sabata yamawa ndikaima pa mphambano ina pafupi ndi sukulu ya pulayimale, kope m'manja. Ndikufuna ndikalembe pamene ana amawolokera akaweruka, ndi mtunda umene ulipo kuchoka pamenepo kukafika pa malo owolokera amene anawajambulira.